Injini ya D4 yakale: kukonza D315, kugula ina yochotsa, kapena kuikamo Perkins

Chiyambireni pamene thirakitala yanga ya matcheni inayambanso kuyenda, anzanga amene ali ndi makina onga amenewa, otsala m'maesiteti a fodya ndi a tiyi, akhala akundifunsa funso limodzimodzi lokhudza injini, lakuti ikafa munthu aikonze, agule ina yochotsa, kapena aikemo ya mtundu wina. Yanga ndi Caterpillar D4 ya mtundu wa 7U, umene unkapangidwa kuyambira 1947 mpaka 1959, ndipo injini yake ndi D315 ya masilinda anayi ndi malita 5.7. Ndinaipeza pafamu ina ku Kasungu itaima zaka zambiri, ekizozi ili yosavundikira, mwakuti madzi a mvula analowa ndi kugwiritsa mapisitoni awiri. Njira zimene zinali patsogolo panga zinali zitatu, ndipo ndinayamba ndi yolakwika.

Yolakwikayo inali kugula D315 ina yochotsa, imene wogulitsa wina wa ku Johannesburg anati inachokera mu jenereta ndipo inali bwinobwino. Ananditumizira kanema pa WhatsApp woonetsa injiniyo ikulira, utsi uli woyera bwino, ndipo ine sindinadzifunse chifukwa chimene kanemayo anali wamfupi chonchija komanso chifukwa chimene injiniyo inkalira popanda redieta. Yankho ndinalipeza itafika. Titaimangirira madzi ndi kuiliza mpaka kutentha, thovu linayamba kutuluka pakamwa pa redieta, ndipo makaniko atatsitsa hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, tinaona mng'alu woyambira pamene pamakhala kachipinda koyatsirako mafuta mpaka pampando wa vavu. Ili ndi vuto lodziwika pa mahedi a injini zimenezi ngati zinatenthapo mopitirira, ndipo silioneka injini ikalizidwa yozizira kwa mphindi imodzi. Munthu amene anachotsa redieta uja ankadziwa zimene ankachita.

Mng'aluwo sunali wokha. Dzina lakuti D315 linali lofananadi, koma injini ya jenereta inabwera ndi sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) ina, chikopa china cha flywheel (gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini), ndiponso gavanala (chipangizo cholamula liwiro la injini) wochunidwa kuti agwire liwiro limodzi lokha tsiku lonse, pamene thirakitala imafuna gavanala womvera dzanja la woyendetsa. Zonsezi zinayenera kusamutsidwa kuchokera pa injini yanga yakale, kutanthauza kuti ntchito yomasula imene ndinkaithawa ndinaigwirabe, pa injini ziwiri m'malo mwa imodzi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ndalama zimene palibe anandiuza pa chiyambi. Mtengo umene tinagwirizana unali wa chitsulo chokha. Pambuyo pake panabwera ya bokosi lamatabwa, ya makina okwezera, ya thiraki yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kudzalowa pa Mwanza, kenako msonkho, umene umawerengedwa pa mtengo wa katundu pamodzi ndi wa mayendedwe ndi inshuwalansi. Msonkhowo ndi lamulo ndipo ndinalakwa ndekha posauwerengera bwino. Koma munthu amene ndinamutuma kuombola katunduyo anachedwetsa mapepala, injini inagona m'nyumba yosungira katundu masabata awiri, ndipo bilu ya tsiku lililonse anandionetsa pomaliza penipeni, pamene kukana kukanatanthauza kutaya injini yonse. Zinachitikanso m'nyengo imene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mwakuti zotsala zimene ndinayenera kulipira m'ndalama zakunja zinakwera ndisanazilipire. Amene akufunabe njira imeneyi asatulutse ndalama asanaione injini ikugwira ntchito yotentha kwa ola lathunthu, ili ndi madzi, iye kapena makaniko wake ataima pomwepo.

Njira yachiwiri ndi imene ambiri amaikonda pakamwa, ndiyo kuikamo Perkins 4.236, injini ya malita 3.86 imene ili mu mathirakitala ambiri a Massey Ferguson. Ubwino wake sindingautsutse. Zipangizo zake zimapezeka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, makaniko aliyense wa mathirakitala anaimasulapo, imalira ndi kiyi ndi batire imodzi, ndipo imamwa dizilo wochepa. Ena amadzitonthoza ponena kuti kampani ya Perkins inagulidwa ndi Caterpillar mu 1998, choncho magazi ndi amodzi, koma zimenezo sizipangitsa bawuti ndi imodzi yomwe kugwirizana.

Mnzanga wina anachita zimenezi pa D4 yake, ndipo ndinaitsatira ntchitoyo kuyambira pa chiyambi. Vuto lalikulu ndi lakuti D4 ya zaka zimenezo ilibe felemu yonyamula injini monga galimoto. Injiniyo imamangidwa mwachindunji ku chikopa cha kilatchi ndi giyabokosi, redieta imakhala kutsogolo kwake, sipuling'i yaikulu yolumikiza mbali ziwiri za matcheni imadutsa pansi pake, ndipo pampu ya haidiroliki yokweza khasu imazunguzidwa kuchokera kutsogolo kwa crankshaft, shafuti yaikulu imene mapisitoni amazunguza. Mukachotsa D315 mwachotsa mbali ya msana wa thirakitala. Mnzangayo anayenera kupangitsa chimbale chokhuthala cholumikiza Perkins ku chikopa cha kilatchi, kusemetsa flywheel kuti igwirizane ndi kilatchi ya Caterpillar, kuwotcherera felemu yatsopano yonyamula redieta ndi sipuling'i, ndiponso kupanga shafuti ina ya pampu. Chimbale choyamba chinaphonya pakati pang'ono chabe, mwina kuchepa kwake ngati chikhadabo, koma kunali kokwanira kudya bering'i ya kilatchi m'miyezi yochepa, ndipo injini inatsitsidwanso. Ndalama zimene analipira kwa osema zitsulo zinaposa mtengo wa injini imene.

Palinso nkhani ya liwiro, imene anthu amaifotokoza molakwika. D315 imagwira ntchito yake pa maulendo pafupifupi 1,400 pa mphindi, pamene Perkins imapereka mphamvu zake zonse itadutsa 2,000. Mukaisiya kuti ithamange choncho, giya iliyonse imafulumira pafupifupi ndi theka, ndipo matcheni, marola ndi magiya omalizira amene atumikira zaka zoposa 60 ndiwo amalipira. Mukaibweza kufika pa 1,400, mphamvu yokoka imakhalapo ndithu, koma injiniyo imakhala ili kale pachimake pake, mwakuti khasu likakumana ndi chitsa kapena chulu ilibe pothawira ndipo imazima msanga. D315 ikalemedwa imatsitsa mawu, flywheel yake yolemera imakankhabe, ndipo woyendetsa amapeza mpata wokweza khasu. Kupepuka kwa Perkins kumachititsanso kuti kutsogolo kuzinyamuka pokoka pulawo yolemera, ndipo mnzangayo anachita kupachikako zitsulo.

Injini za Deutz zozizira ndi mphepo, za Isuzu zochotsa m'malole, ndi zatsopano zotsika mtengo zochokera ku China, zonse zimafuna ntchito yosema yomweyo, choncho sindiziika padera.

Njira yachitatu, imene ndinabwererako nditapsa kale, ndi kukonza D315 yanga yomwe. Injini imeneyi inapangidwa kuti izikonzedwa. Masilivu ake, mapaipi amene mapisitoni amayendamo, amazulidwa ndi kuikamo ena popanda kuboola buloko, thupi la injiniyo, ndipo masilivu, mapisitoni, maring'i, mabering'i ndi magasiketi akupangidwabe ndi makampani ena kunja, ngakhale kuti munthu amayenera kudikira ndi kupeza ndalama zakunja. Mapisitoni ogwira aja tinawanyika m'dizilo wosakaniza ndi oyilo kwa masabata atatu, kenako tinawatulutsa pamodzi ndi masilivu awo. Crankshaft itayezedwa inangofunika kupukutidwa, ndipo hedi yanga, imene ndinkaiyesa yakufa chifukwa cha dzimbiri, inapezeka yopanda mng'alu. Pa injini ya ku Johannesburg ija ndinangotengapo pampu ya dizilo ndi manozo opopera dizilo m'masilinda.

Choipa cha njira imeneyi ndi kainjini ka petulo koliza injini yaikulu, ka masilinda awiri, kamene kamafuna magineto (chopangira moto wa mapulagi) ndi kabureta zosamalidwa bwino. Ambiri amakada, ndipo ena amakachotsa n'kuikapo sitata ya mavoti 24. Ine ndinakasunga, chifukwa kamatenthetsa madzi ndi mpweya wa injini yaikulu, kamaizunguza mpaka oyilo atafika m'mabering'i onse isanayake, ndipo kuthengo kumene kulibe magetsi sikadalira batire. Lamulo lake ndi limodzi, lakuti pozimitsa muzitseka petulo kuti kazime kokha, apo ayi petuloyo amatsikira mu oyilo n'kuwononga mabering'i ake.

Kwa amene buloko kapena crankshaft yake inasweka, ndiponso thirakitala akuifunira ntchito yopepuka ya tsiku ndi tsiku, Perkins ndi yomveka, malinga akhale ndi wosema zitsulo amene ali ndi zida zoyezera pakati. Wina aliyense ayambe watsitsa hedi ndi sampu, ayeze zimene ali nazo, asanatumize ndalama kulikonse. Yanga yagwira kale nyengo ziwiri, ikukumba damu ndi kuzula zitsa, ndipo hedi yong'aluka ija idakali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa galaja.