Kapampu ka 800 L/H ndakayeza ndi chigubu, sikafika

Amene mukusunga nsomba m'thanki yagalasi kunyumba, makamaka mbuna zathu zija za ku nyanja ya Malawi, nambala yolembedwa pabokosi la pampu musamangoimeza. Kanga ndi kaja kolowa m'madzi momwemo, ka ku China kopanda dzina lodziwika, ndinakagula m'tauni mom'muno mu Zomba. Pabokosi analemba 800 L/H (malita 800 pa ola) ndi H.max 1.2m, wogulitsa nayenso amangobwereza zomwezo kuti bwana aka ndi kamphamvu.

Sikuti ananama ayi, koma 800 imeneyo amayeza pampu ikulavula madzi pomwepo, yopanda paipi, osakweza madzi olo pang'ono. Ukangoika paipi yokwera madzi amayamba kuchepa, ndipo ukafika pa 1.2m paja sipatuluka olo dontho, ndiye tanthauzo la H.max limenelo. Kwanga madzi amakwera pafupifupi theka la mita kupita ku fyuluta yapamwamba, nde ndinatenga chigubu cha malita 5 chosagwirapo sopo, paipi nkuigwira pamsinkhu womwe imakhalira masiku onse (mukaitsitsa pansi mudzinamiza nokha), stopwatch ya pafoni nkuyatsa. Chinadzadza pa masekondi 36. Masamu ake ndi osavuta, 5 kuchulukitsa ndi 3600 kugawa ndi 36, yankho malita 500 pa ola. 300 yonse yathera m'njira!

Pa thanki yanga ya malita 100 zili bho ndithu, madzi onse akuzungulira kasanu pa ola, ndipo osunga nsomba ambiri amati kuyambira kanayi kupita m'mwamba. Koma mbuna zimadya kwambiri, zimaipitsanso madzi, zinyalala nkumabisala m'miyala muja, nde kasanu kwa ine ndi pongoyambira. Wa thanki ya malita 200 asataye ndalama, kamuchepera.

Siponji yosefera madzi ikada ndi pomwe kapampuka kamaonetsa ulesi. Nditayezanso patapita nthawi chigubu chomwecho chinatenga masekondi 50, ndiye kuti malita 360, chonsecho ndi maso sumaona kusintha kulikonse. Tsukani siponji m'madzi omwe mwachotsa m'thankimo, osati apampopi, madzi athu a ku damu la Mulunguzi ndi abwino kumwa inde koma klorini amapha mabakiteriya othandiza aja okhala m'siponji. Kafani kamkati nakonso kamafuna kukatulutsa nkukapukuta. Paipi yopyapyala ndi zokhotakhota zambiri nazo zimadya mphamvu, nditaika yonenepa pang'ono masekondi anatsika.

Zondinyansa zilipo. Timapira tomatira pagalasi ndi tofooka, kakamatuka kamangolira ngati njuchi usiku onse. Pulagi ndi ya mano awiri pomwe masoketi athu ndi a mano atatu, adapta mugule yapadera. Ndipo magetsi akazima nkubweranso, nthawi zina sikadzuka kokha mpaka ukagwedeze, zomwe ndi zoopsa ngati uli kuntchito tsiku lonse nsomba zili zokha.

Mnzanga wa ku Matawale amafuna kuitanitsa flow meter (mita yoyeza madzi odutsa) yoika papaipi, ine ndinamuuza kuti pa thanki yaing'ono chonchi nayonso ingotsamwitsa madzi, chigubu ndi foni zakwana. Kapampuka ndikapatsa 3 pa 5, ndipo mukamagula sankhani kolembedwa nambala yoposa yomwe mukufuna, mwina kuwirikiza kawiri ngati paipi yanu ikukwera kwambiri.