Anki ndi mawu a Chingerezi cha m'nyuzipepala: zimene ndaona patapita miyezi yambiri

Tsopano pakutha pafupifupi chaka ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya Anki pophunzira mawu a Chingerezi amene amapezeka kawirikawiri m'nyuzipepala, ndipo ndaona kuti phindu lake lagona pa makhadi amene munthu walemba yekha kuchokera m'nkhani zimene wawerenga, osati pa mindandanda ya mawu yokonzedwa kale ndi anthu ena.

Kwa amene sanaimvepo, Anki ndi pulogalamu ya makhadi imene Damien Elmes anatulutsa mu 2006. Kutsogolo kwa khadi kumakhala funso, kumbuyo kwake yankho, ndipo mukayankha mumasonyeza ngati munakumbuka mosavuta kapena movutikira. Khadi limene mwalikumbuka bwino limabweranso patapita masiku angapo, kenako milungu, kenako miyezi, pamene limene mwaliiwala limabwerera msanga. Maganizo amenewa ndi akale ndithu, pakuti katswiri wa ku Germany Hermann Ebbinghaus anasonyeza mu 1885 kuti munthu amaiwala zambiri m'maola ndi masiku oyambirira atangophunzira chinthu, ndipo njira yowerengera masiku imene Anki inayambira inachokera ku pulogalamu ina yotchedwa SuperMemo, ya Piotr Woźniak wa ku Poland.

Poyamba ndinkagwiritsa ntchito mndandanda umene munthu wina anaika pa intaneti, wokhala ndi liwu limodzi ndi tanthauzo limodzi pa khadi lililonse. Mawuwo ankalowa m'mutu, koma ndikatsegula nyuzipepala sankandithandiza mokwanira, chifukwa atolankhani ali ndi kalembedwe kawokawo, makamaka pa mitu ya nkhani pamene malo amakhala ochepa ndipo amasankha mawu aafupi. Khadi linkati "row" ndi mzere, pamene pa mutu wa nkhani nthawi zambiri amatanthauza mkangano. "Probe" ndi kufufuza, "oust" ndi kuchotsa munthu pa udindo, "slam" ndi kudzudzula mwamphamvu, ndipo "curb" ndi kuchepetsa chinthu chimene chikuchuluka. Chosangalatsa n'chakuti mawu a mtundu umenewu si ambiri ndipo amabwerezedwa tsiku ndi tsiku, kotero kuti munthu akawalemba pamodzi ndi mitu yeniyeni imene anawapezamo, amawazolowera m'milungu yochepa chabe.

Ntchito yaikulu ili m'kati mwa nkhani. Mawu monga "alleged" ndi "reportedly" amaoneka ang'onoang'ono, koma amasintha nkhani yonse, chifukwa mtolankhani akawalemba akutanthauza kuti zimene akunenazo ndi zongomuganizira munthu kapena zongomveka, zimene khoti kapena umboni sizinatsimikize. Wowerenga amene amawadumpha amatseka nyuzipepala atagamula kale mlandu umene sunazengedwe n'komwe. Liwu lakuti "sanction" ndi lovutirapo, popeza pena limatanthauza chilango chimene mayiko amapereka kwa dziko lina ndipo pena limatanthauza kuvomereza chinthu. Apa m'pamene khadi lokhala ndi chiganizo chathunthu limaposa la liwu lokha, pakuti chiganizocho chimasunga mawu amene amayendera limodzi ndi liwulo, ndipo ndi mawu oyandikana nawowo amene amakuuzani tanthauzo lofunika pamalopo.

Munthu asayembekezere kuti ntchitoyi idzatha msanga. Paul Nation, katswiri wa kaphunzitsidwe ka mawu, anawerengera mu 2006 kuti pamafunika mabanja a mawu (banja ndi liwu limodzi pamodzi ndi ena ochokera kwa ilo) pakati pa 8,000 ndi 9,000 kuti munthu adziwe mawu 98 pa 100 alionse a m'nyuzipepala. Mndandanda wa katswiri wina, Averil Coxhead, wa mu 2000, wokhala ndi mabanja a mawu 570 opezeka m'mabuku a maphunziro apamwamba, unandithandiza pa nkhani za chuma ndi ndemanga za akonzi, koma pa nkhani za masewera ndi za upandu sunandifikitse patali.

Cholemetsa pa njira yobwereza imeneyi ndi ngongole ya makhadi. Khadi lililonse latsopano limadzabweranso kangapo, ndipo mukapuma masiku ochepa mumapeza mulu umene umafooketsa ngakhale munthu wakhama. Pulogalamuyi imayamba ndi makhadi atsopano 20 patsiku, ndipo ine ndinachepetsa nambalayi kwambiri kuti nthawi yowerenga nkhani zenizeni isadyedwe ndi kubwereza. Tiyeneranso kunena kuti kuwerenga kokha n'kumene kwapita patsogolo moonekeratu. Kumva nkhani pa wailesi, pamene wolankhula sakudikirani, kumafuna kuyeserera kwakekwake.

Masiku ano sindilemba khadi la liwu limene ndangoliona kamodzi. Ndimalichonga m'kope, ndipo likapezekanso m'nkhani ina m'pamene limalowa mu Anki pamodzi ndi ziganizo zonse ziwiri.