Mababu a maluwa a ku Cape amene ndinaoda pa intaneti: ndikuwapatsa nyenyezi 3 pa 5

Ndadikira dala mpaka zidutse nyengo ziwiri ndisanalembe ndemanga iyi chifukwa zinthu izi sizili ngati nsapato zoti ukangovala wadziwiratu kuti ikuthina. Umakwirira mu Epulo, chilungamo chake umakachiona mu Sepitembala, ndipo zina zimangokhala duu pansipo osaonetsa kanthu. Ndikamati mababu sindikunena a magetsi ayi abale, ndikunena timaanyezi ta maluwa tija tokwirira m'dothi.

Ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni kuno ku Joni, mbali ya Randburg, zaka 8 tsopano. Kapinga, ma rose ndi ma clivia ndi za abwana, koma kuseri kwa kachipinda kanga ndili ndi timiphika tangatanga ndipo matenda amenewa anandigwira tsiku lomwe ndinaona pafoni chithunzi cha duwa lotchedwa Ixia viridiflora. Ndinkaona ngati wina wachita kulipaka utoto pakompyuta. Si girini, si buluu, lili ngati madzi a kunyanja ku Cape Maclear dzuwa likaswa mtengo, pakati pake pali kadiso kakuda. Kwawo ndi mbali ya Tulbagh ku Western Cape ndipo kutchire latsala lochepa. Ndiye ndinafufuza mpaka ndinapeza kanazale kena kakang'ono ka ku Cape komweko kogulitsa pa intaneti, dzina sinditchula, ndinaoda Ixia yemweyo timababu 10, Lachenalia aloides 10, Babiana rubrocyanea 5, Moraea aristata 3 ndi Haemanthus coccineus mmodzi. Pamodzi ndi courier zinandidya pafupifupi R700, ndalama yoti mayi a kunyumba ku Ntcheu atamva anangoti "maluwawo tidya?" ndipo sindinawayankhe chifukwa funsolo linali la nzeru.

Ndiyambe ndi zabwino. Katundu anafika pa masiku 4, bokosi losaphwanyika, mtundu uliwonse m'kathumba kake ka pepala osati pulasitiki, zomwe ndi zofunika chifukwa m'pulasitiki zimachita thukuta n'kuyamba nkhungu. Ndinatsinatsina limodzilimodzi, onse olimba, panalibe lofewa kapena lonunkha. Komanso ndisanalipire ndinawafunsa pa WhatsApp ngati amakumba kutchire, anandiyankha kuti amafesa okha njere ndipo ananditumizira zithunzi za matileyi awo. Izi kwa ine n'zazikulu. Moraea aristata uja kutchire anatsala pamalo amodzi okha, pabwalo la South African Astronomical Observatory, malo ofufuzira za nyenyezi, ku Cape Town, ndiye munthu wokugulitsa wokumba ndi wakuba basi. Amene munapitako ku msika wa mankhwala wa Faraday mtauni muno mukudziwa milu ya zianyezi zikuluzikulu zochokera kutchire imene imakhala pamenepo, komanso kwathu kumpoto ndi ku Zambia timbatata ta ma orchid timakumbidwa kupangira chinaka, chikanda chija, mpaka malo ena zayamba kusowa. Ine sindifuna ndalama yanga ithandizire zimenezo.

Vuto linayambira pa kapepala ka malangizo kamene anaika m'bokosi. Kanalembedwa ngati aliyense amakhala ku Cape Town. Akuti dzalani m'gadeni mu Epulo kapena Meyi, mvula ichita yokha zotsalazo. Mvula iti? Ku Cape mvula imagwa nthawi yozizira, Meyi mpaka Ogasiti, chilimwe chawo n'chouma gwaa, ndiye maluwa amenewa anazolowera kudzuka kukazizira n'kugona kukatentha. Kuno ku Joni ndi chimodzimodzi kwathu, Juni ndi Julayi kumwamba kuli mbee, mvula imayamba cha mu Okutobala ndi mabingu ndi matalala ake. Ukatsatira kapepala kaja ndiye kuti nthawi yomwe zikufuna madzi zili pa ludzu, nthawi yomwe zagona zikufuna pouma zikusambira m'matope, mapeto ake ukakumba umangopeza makoko. Adiresi yanga anaiona kuti ndi ya Gauteng, kulemba mzere umodzi wochenjeza kukanawavuta chani? Ine chinandipulumutsa n'choti ndinali nditawerengako pa PlantZAfrica, tsamba la pa intaneti la SANBI, bungwe loona za zomera ndi zachilengedwe kuno ku South Africa, ndiye ndinadzala zonse m'miphika yoti ndizitha kunyamula, dothi lake mchenga wa kumtsinje wokhakhala magawo awiri, kompositi yosefa gawo limodzi, pansi timiyala. Manyowa a nkhuku musayerekeze, amaotcha. Kuthirira kamodzi pa sabata mokwanira mpaka madzi atuluke kunsi, kenako kusiya kuti pamwamba paume. Ndipo usiku wa chisanu choyera chija chimagwa pa kapinga mu Juni ndinkazikokera pansi pa denga la khonde, makamaka Lachenalia amene sapirira.

Lachenalia ndi amene anabweza ndalama yanga. Onse 10 anamera, masamba awiriawiri onenepa a mathothomathotho ngati nkhanga, pofika Ogasiti ali ndi timabelu tolendewera tachikasu. Madamu a panyumba pano anabwera kudzajambula, anthu amene miphika yangayo ankaiona ngati zinyalala. Ndinayesanso zomwe ndinawerenga zoti ukadula tsamba lake n'kulizika mumchenga wonyowa pang'ono pamthunzi limabereka timaanyezi kumunsi kwake, ndipo zinathekadi, patatha miyezi iwiri ndinafukula n'kupeza tinthu toyera ngati mpunga titamatirira podulapo. Pano ndili nawo oposa 30. Munthu woyamba kumene ayambire pamenepa.

Babiana anachita bwino, 4 mwa 5. Masamba ake ndi opindapinda ngati siketi ya yunifomu komanso a ubweya, ukangowakhudza sungawasokonezenso ndi china. Duwa lake buluu wakuda kunja, pakati pofiira ngati mwathiramo vinyo. Dzina lakelo linachokera ku liwu lachi Dutch lotanthauza nyani chifukwa anyani amakumba n'kumadya, ndipo mwina n'chifukwa chake amakonda kuzama, ndinamudzala masentimita 6 koma pofukula ndinamupeza ali pansi penipeni pa mphika, amadzikoka yekha ndi mizu. Mpatseni mphika wautali. Moraea anamera onse atatu koma chaka choyamba anamasula mmodzi yekha, duwa loyera ndi maso atatu a buluu onyezimira ngati nthenga za pikoko, linakhala masiku atatu basi n'kufota, moti ukanakhala kuti wapita ku maliro ukanabwera n'kupeza zatha.

Tsopano nkhani imene yachotsa nyenyezi. Kathumba kolembedwa Ixia viridiflora, chinthu chenicheni chimene ndinaodera zonsezi. Ndinachisamala kuposa zonse, mphika wabwino, malo a dzuwa. Kumera zinamera koma ndinayamba kukayika mu Julayi chifukwa masamba ankatuluka otambalala atayalana ngati chikupizo, afupiafupi, pomwe pazithunzi Ixia ameneyu masamba ake ndi owonda aatali ndipo phesi lake limakhala ngati waya, lotalika kupitirira bondo. Ndinadziuza kuti mwina ndi nyengo ya kuno. Sepitembala atafika duwa loyamba kutseguka, olenji waphee, pakati chikasu chozunguliridwa ndi mzere wakuda. Ndinakhala pansi pa njerwa n'kumangoliyang'ana. Lokongola inde, koma si limene ndinalipira. Ndinajambula duwa, masamba ndi timakoko touma tamizeremizere tabulauni tomwe timakuta duwa kumunsi, n'kuika pa iNaturalist, tsamba limene anthu amathandizana kuzindikira zomera ndi nyama, tsiku lisanathe anthu awiri anali atayankha kuti ndi Sparaxis tricolor, wa ku Nieuwoudtville. Timakoko toumato ndi chizindikiro chake. Ameneyu amapezeka m'mashopu a zamaluwa ambiri pamtengo wotsika, ine ndinamugula pamtengo wa chinthu chosowa n'kumulera miyezi isanu ngati mwana wobadwa masiku asanakwane.

Kunena chilungamo zikakhala zouma m'manja n'zovuta kusiyanitsa. Ixia, Sparaxis ndi Babiana onse si anyezi weniweni, ukadula mkati ndi mogwirana ngati koko, kunja atavala kaukonde ka ulusi, pomwe Lachenalia ndi Haemanthus ndi amene ali ndi magawomagawo ngati anyezi wa kukhitchini. Ndiye ine wogula sindikanadziwa. Koma iwo ndi ntchito yawo, lebulo analemba ndi dzanja lawo.

Nditawatumizira zithunzi anatenga sabata yathunthu osayankha, timizere tiwiri ta buluu tikuoneka kuti awerenga. Kenako anapepesa kuti matileyi anasokonekera pokolola, ndalama sabweza koma adzanditumizira Ixia weniweni Epulo wotsatira, ndipo pakadali pano akunditumizira mphatso ya chinthu chapadera chomera nthawi yotentha. Mphatsoyo itafika mu Okutobala ndinapeza timbatata tiwiri tatitali topindika ngati chilembo V, palebulo Gloriosa superba. Dzinalo silinandiuze kanthu. Ndinatigoneka chammbali m'dothi mosamala chifukwa n'tosachedwa kuthyoka ndipo diso lomerera lili kunsonga kwenikweni, likangonyuka basi zatha. Chinamera, chikukwera pa waya ndi timichira ta kunsonga kwa masamba, ndipo cha ku Khirisimasi chitamasula ndinaseka ndekha mpaka mnzanga wa ku Mzimba wogwira nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Abale, ndi duwa lija lofiira ndi chikasu lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, limene limayanga m'tchire ndi m'mphepete mwa minda kwathu nthawi ya dzinja, tinkalipyola popita kokadyetsa mbuzi osaliyang'ana n'komwe. Anzathu a ku Zimbabwe ndi duwa la dziko lawo. Ndiye mwana wa ku Ntcheu andipepesa ndi chinthu cha kuseri kwa nkhokwe ya agogo anga. Sindinakwiye, linandikumbutsa kumudzi, koma chimene chinandinyansa n'choti sanalembe paliponse kuti ndi poyizoni. Chomera chonsecho, makamaka kambatatako, chili ndi poyizoni wotchedwa colchicine ndipo munthu akadya akhoza kufa, pomwe maonekedwe ake mwana angaone ngati kachinangwa. Haemanthus nayenso si wodya. Pakhomo pali ana kapena agalu okumbakumba muike patali.

Za Haemanthus ndisachulutse, ananditumizira kamwana. Zaka ziwiri akungotulutsa masamba awiri ngati malilime a ng'ombe atagona pa dothi, kukatentha n'kuuma, duwa lofiira lija limatuluka cha mu Malichi masamba asanabwere sindinalionebe. Pa tsamba lawo anaika chithunzi cha wamkulu ali ndi maluwa osanena kuti amene akugulitsayo ndi wamng'ono wofuna zaka. Sakonda kufukulidwafukulidwa ndiye ndangomusiya.

Lonjezo la Ixia anasunga, ngakhale ndinachita kuwakumbutsa kawiri ndipo anatumiza 5 m'malo mwa 10. Atatu anaola, apo sindiwanamizira, ndinapita kumudzi masabata atatu ndipo amene ndinamusiyira ankathirira tsiku ndi tsiku ngati ndi mpiru. Awiri otsalawo anamasula kumapeto kwa nyengo ena onse atatha kale, ndipo mtundu uja ndi weniweni, palibe za kompyuta. Amatseguka dzuwa likawala, kukachita mitambo amatseka, ndiye tsiku loyamba ndinapempha kuti ndidye nkhomaliro mochedwa kuti ndiwaone ali otseguka bwino.

Masamba akayamba chikasu ndimasiya kuthirira, akauma miphika yonse ya ku Cape imalowa pa shelefu m'galaja mpaka Epulo, osalandira ngakhale dontho. Muziyang'anamo kamodzikamodzi chifukwa makoswe amakonda Babiana ndi Ixia, ine anandidyera Sparaxis theka ndisanaike sefa pamwamba, komanso tizilombo toyera ngati ufa timabisala m'khosi mwa mababu. Amene mukuganiza zotengera kumudzi, zomera zimafuna chilolezo ndi satifiketi ya zaumoyo wa mbewu podutsa pa boda, si zongoponya m'chikwama pakati pa mabulangete, ndipo mukafika nazo malamulo ake ndi omwewa, madzi nthawi yozizira, dzinja lonse zikhale pouma. Malo ozizira ngati Dedza ndikuona kuti zingayese, ku Nsanje musataye ndalama.

Kugulanso kwa anthu amenewa ndingagule, koma Lachenalia ndi Babiana basi, zomwe ndikhoza kuzizindikira masamba akangotuluka. Chilichonse chodula ndidzayamba ndawauza kuti andijambulire thireyi yake ili ndi maluwa ndi lebulo pomwepo. Gloriosa uja wabereka, pano timbatata tafika 5, ndipo mnzanga wa ku Mzimba akufuna kamodzi koma ndamuuza adikire mwana wake ayambe wasiya kudya dothi.