Tivule kapena tivale? Za nsapato pa karate ndi masewera ena omenyana

Wophunzira watsopano akabwera kukalabu kwathu, sipatha sabata asanafunse ngati ndi zololedwa kuvala nsapato pochita masewera. Akuluakulu ambiri amangoyankha kuti karate ndi yopanda nsapato, nkhani n'kuthera pomwepo. Inenso ndinkayankha choncho kwa zaka zingapo. Masiku ano ndimayamba ndamufunsa kuti azichitira pati, chifukwa amene anayambitsa mwambo wovula nsapato ankaponda pansi posiyana kwambiri ndi pamene ambirife timaponda.

Ku Japan munthu salowa m'nyumba ndi nsapato. Jigoro Kano atayambitsa judo mu 1882 pakachisi wa Eishoji mu Tokyo, ankaphunzitsira pa tatami, mphasa zochindikala za mapesi a mpunga zimene nsapato ingazing'ambe ndi kuzidetsa. Karate inachokera ku Okinawa, ndipo Gichin Funakoshi atapita nayo ku Tokyo mu 1922 inakhazikika m'madojo, nyumba zophunziriramo masewerawa zimene pansi pake ndi matabwa osalala, mmene aliyense amasiya nsapato pakhomo. Kumene anthu ankachitira panja zinayenda mwina. Savate ya ku France inakulira m'misewu ya Paris ndi padoko la Marseille m'zaka za m'ma 1800, ndipo dzina lakelo limatanthauza nsapato yakutha. Mpaka lero theche la savate limamenyedwa ndi nsapato, osati ndi msongolo. A kung fu ku China amachitira pabwalo la miyala atavala nsapato zansalu zopyapyala, monga za Feiyue za ku Shanghai zija. Ankhonya, ogwetsana ndi a sambo ya ku Russia onse ali ndi nsapato zawozawo. Ngakhale capoeira ya ku Brazil inagawikana: a mtundu wa Angola amakonda kuvala, pamene a Regional ambiri amavula.

Tiyambe ndi kuvula, chifukwa ubwino wake ndi weniweni ndipo sindikufuna kuuchepetsa. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo likakhala lopanda nsapato zala zimatambasuka n'kugwira pansi. Ukaima pa zenkutsu dachi, mwendo wakutsogolo utapinda bondo wakumbuyo utawongoka, umamva bwinobwino ngati chidendene chakumbuyo chanyamuka kapena ngati thupi lapendekera kunja kwa phazi. Mphunzitsi nayenso amaona. Pa mae geri, theche lopita kutsogolo, zala zimayenera kupindikira m'mwamba kuti umenye ndi kutsogolo kwa phazi, pamene a ku Japan amati koshi. Pa yoko geri, theche lopita kumbali, umamenya ndi m'mphepete mwa phazi. Wophunzira akalakwitsa zimenezi ali wosavala, mphunzitsi amaona ali patali n'kumukonza tsiku lomwelo. Akalakwitsa ali m'nsapato, cholakwikacho chimabisala miyezi yambiri, n'kudzaululika tsiku limene wamenya chigongono cha mnzake ndi chala chachikulu.

Chinanso ndi kutembenuka. Pa mawashi geri, theche lozungulira, phazi loimira limazungulira pa kutsogolo kwake kuti chiuno chitsegule. Khungu pa thabwa kapena pa mati (mphasa zofewa zochitirapo masewera) limagwira pang'ono n'kulola kuzungulira, ndipo bondo limatsatira phazi mosavutika. Ndiye palinso mnzako amene ukuchita naye. Phazi lopanda kanthu, lowenga zikhadabo, likamukhudza kumaso limapweteka koma kawirikawiri silicheka. Zingwe za nsapato ndi m'mphepete mwa soli zimacheka. N'chifukwa chake malamulo a MMA (masewera osakaniza njira zosiyanasiyana zomenyerana), amene anagwirizanidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, analetsa nsapato, ngakhale kuti m'mipikisano yoyambirira ya UFC, bungwe lokonza mipikisano ya MMA, ena ankalowa atavala. Pa judo ndi jiu-jitsu palibe n'zokambirana zomwe: nkhope yako imagona pamene wina waponda, choncho nsapato pa mati ndi mwano komanso ndi uve.

Koma zonsezi zimafuna pansi poyenera. Makalabu ambiri amene ndikuwadziwa amabwereka holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, pansi pake simenti, mwina yokumbikakumbika. Ena amachitira pabwalo la mpira. Simenti sibwezera ngati thabwa. Ukalumpha kapena kuponda mwamphamvu pa kata (mndandanda wa mayendedwe oloweza amene umachita wekha), kugunda konse kumabwerera m'chidendene, m'kakolo ndi m'bondo. Simenti yokhakhala imasupula khungu pozungulira paja, matuza n'kuphulika, ndipo wa zikang'a ming'alu imatseguka mpaka kutuluka magazi. Yosalala kwambiri nayo ikanyowa ndi thukuta imaterera ngati pa thope. Mu Juni m'mawa imazizira moti zala zimachita dzanzi, ndipo chala cha dzanzi ukachipinda molakwika umadzazindikira madzulo chitatupa. Pabwalo pali minga, magalasi osweka ndi misomali, ndiye ganizirani kafumbata. M'dothi lina muli matekenya, komanso njoka zam'mimba za mtundu uja umene umalowera pakhungu la kuphazi. Mu Okutobala dothi lokhalo limawotcha.

Ena amati zimenezi n'zimene zimalimbitsa munthu. Khungu limakhuthaladi, sindikana. Koma mwana wa zaka 10 amene wapita kwawo akutsimphina, mayi ake samulolanso kubwera, ndipo ndaona ana aluso akusiya masewera chifukwa cha chilonda chimene nsapato yansalu ikanachiletsa.

Tsono pa nsapato, funso lalikulu n'lakuti nsapato yake iti. Imene ambiri amabwera nayo ndi yothamangira, ndipo imeneyo ndiye yoipitsitsa. Inapangidwira kupita kutsogolo kokha. Chidendene chake n'chokwera komanso chofewa, choncho ukaima ndi mwendo umodzi kakolo limagwedera. Soli yake ili ndi mano ogwira pansi, ndiye pomenya mawashi geri phazi limakanirira pamene chiuno chikuzungulira, ndipo kupotokola konseko kumakathera m'bondo. Ine zinandichitikira. Tinkachitira m'holo ina ya simenti, ine n'kuvala nsapato zothamangira pofuna kuteteza matuza, ndipo pa theche limodzi lokha ndinamva bondo lakumanzere likulira. Ndinakhala milungu ingapo ndisakukwera ngakhale njinga. Matuza aja akanapola m'masiku ochepa.

Nsapato yoyenera ndi yafulati, yopyapyala, yopindika mosavuta, yosalala pang'ono kutsogolo. Za taekwondo zimakhala choncho, ndipo zambiri zili ndi kabwalo pansi pamene phazi limazungulirira, zingwe zake n'zobisika kapena palibiretu. Za ogwetsana zimagwira kakolo bwino koma zimamata kwambiri pansi, choncho ndi zabwino kwa wa nkhonya kusiyana ndi wa mateche. Zansalu za kung fu zimachita bwino pa simenti ndi pa dothi. Komabe ngakhale yabwinoyo ili ndi kuipa kwake. Imachepetsa kumva pansi, imabisa zala, ndipo wozolowera nsapato akafika pa mayeso a lamba kapena pa mpikisano, pamene ayenera kuvula, amapeza kuti khungu lake n'lanthete ndipo mapazi akumva zachilendo. A taekwondo ya pa Olympics amavala masokosi okhala ndi timasensa towerengera mapointi kuyambira ku London mu 2012, koma imeneyo si nsapato, zala zimakhala pamtunda.

Pali mfundo ina imene imabwerabwera, yakuti wachiwembu akakupeza pamsewu udzakhala uli m'nsapato, ndiye uziphunzira uli m'nsapato. A Krav Maga, njira yodzitetezera ya ku Israel, amaganiza choncho ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Theche la m'nsapato limalemera mosiyana, ndipo nsonga yolimba imasintha malo omenyera. Amene cholinga chake ndi kudziteteza ayeseko kamodzikamodzi pa thumba lomenya atavala nsapato zake za tsiku ndi tsiku. Koma zimenezi sizifuna kuti maphunziro onse asinthe.

Anthu ena kwa ine alibe chosankha. Wodwala shuga amene mapazi ake sakumva bwino avale nthawi zonse, chifukwa kachilonda kakang'ono sakamva ndipo kamachedwa kupola. Wa zipere, njerewere kapena chilonda pakati pa zala asaponde pa mati mpaka atachira, popeza matenda apakhungu amafala msanga pamene anthu ambiri akuponda ndi kugubuduka. Ndipo wovula aliyense akhale ndi patapata pambali. Ku Japan amasiya zori, mapatapata a kumeneko, m'mphepete mwa tatami pa chifukwa chimenechi. Kupita kuchimbudzi wosavala n'kubwereranso pa mati kumawononga ukhondo wonse umene kuvula kunabweretsa.

Mmene ndimachitira ine pano ndi motere. Pa mati ndi pa thabwa ndimavula. Pa simenti yosalala ndi yoyera ndimavula pa kihon (kubwereza mayendedwe oyambira) ndi pa kata yapang'onopang'ono, kuti ndizimva phazi ndiponso kuti ana aone zala zanga, koma ikafika nthawi yolumpha ndi yothamanga ndimavala zansalu. Pabwalo ndimavala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pochita kumite, kumenyana awiriawiri, tonse timafanana, kaya tonse tavula kaya tonse tavala zofewa, chifukwa wovala akaponda chala cha wosavala chikhadabo chimazuka.

Zansaluzo ndimazipeza pa kaunjika. Ndikaitola ndimaipinda pakati ndi dzanja limodzi, ikakana ndimaibweza pamulu. Kenako ndimayang'ana ngati kumbuyo ndi kutsogolo n'kofanana msinkhu. Pomaliza ndimaivala, n'kuima ndi mwendo umodzi pa simenti ya pakhonde la sitolo yapafupi, n'kuzungulira kawiri. Bondo likamva kukoka ngakhale pang'ono, ndimaisiya ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.