Kanyumba kathu ka nutec ku Capricorn: kadutsa nyengo ziwiri za mvula, nachi chomwe ndaona

Anthu ambiri mumandifunsa tikatuluka m'tchalitchi kuti kanyumba kathu kaja ka mabodi a simenti otchedwa nutec, komwe tinaimika ku Capricorn pafupi ndi Muizenberg, kakukhala bwanji, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Tinakagula mu Epulo 2024, ndipo kaona kale mvula ya kuno ku Cape Town kawiri, ija imagwa kuyambira Juni mpaka Ogasiti pomwe kumudzi kuli gwaa.

Tinali titatopa ndi lendi. Zaka zisanu m'chipinda chimodzi cha eni ake, ine, abambo akunyumba ndi mwana. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Muizenberg, iwo ya m'gadeni. Chaka chomwe tinkagulacho malipiro otsikitsitsa omwe boma la kuno linakhazikitsa anali R27.58 pa ola. Tsono werengetsani nokha: kafulati ka chipinda chimodzi ku Sea Point kapena m'tauni, kongoposa kathuka pang'ono, amakagulitsa marandi opitirira miliyoni imodzi. Nyumba zaulere za boma, zotchedwa RDP, ndi za eni dziko ndi aja ali ndi mapepala okhala kuno mpaka kalekale. Zakubanki ndiye tinangozisiya osayesa n'komwe. Chomwe dzanja lathu likanafikira ndi timanyumba timeneti basi.

Ndalama ya chipereganyu itatifika tinaphatikiza ndi zomwe tinkasunga, n'kulipira R36,000. Kanyumbako ndi ka mamita 3 m'lifupi, 6 m'litali, kodulidwa pakati kuti kakhale zipinda ziwiri, chitseko chimodzi, mazenera awiri, denga la malata. Pa kabweretsedwe otigulitsawo ndilibe nawo chifukwa. Anabwera pa tsiku lomwe tinapangana, makoma atakhomakhoma kale atawasanja pa pikiapu, anyamata atatu. Anayamba m'mawa ine ndikupita kuntchito, pobwerera ndinapeza mwana atakhala pakhomo pa nyumba yoimaima. Ndinaseka ndekha, poti kwathu ku Ntcheu tsiku limodzi limathera kuponda dothi la njerwa.

Tinasankha nutec osati ya matabwa okhaokha chifukwa cha moto. Amene munali kuno mu Disembala 2020 mukukumbukira momwe nyumba zoposa 1,000 zinapsera ku Masiphumelele, komboni ina ya kuno ku Cape Town. Mabodi a nutec ndi a simenti yosakaniza ndi ulusi, sagwira moto ngati thabwa, ndipo saola ndi mvula. Apa mpomwe ndimakayamikira. Koma musanamizike, mafupa a nyumbayo mkatimo ndi matabwa ndithu, choncho kandulo ndi chitofu cha palafini timazisamala monga kale.

Mavuto anayamba ndi chisanu choyamba. Tsiku lina m'bandakucha ndinadzidzimuka dontho litandigwera patsaya. Bulangete lonse madonthomadontho, chonsecho kunja sikunagwe mvula. Abambo anakwera padenga kufunafuna poboola, osapeza. Kuteroko ndi thukuta la malata: mpweya wathu anthu atatu, kuphatikizapo nthunzi ya mphika wa nsima, zimakakhala kumalata ozizira n'kubwerera ngati madzi. Pa mtengo tinapatsidwa uja munalibe siling'i, ndipo wogulitsayo sanatchuleko kuti popanda iyo tidzagona tikunyowa. Nsapato za kutchalitchi zinachita chuku pansi pa bedi. Mwana anatsokomola mwezi wathunthu.

Chachiwiri ndi pansi. Anaika thabwa pamwamba pa timabuloko tomwe anangotikhazika pamchenga, ndipo amene mumakudziwa ku Capricorn kuno mukudziwa kuti mchenga ndiwo dothi lake. Mvula itakhazikika ngodya imodzi inatitimira, chitseko n'kuyamba kukhula pansi, kutseka kwake mpaka kukankha ndi phewa. Otigulitsawo tinawaimbira foni kasanu. Yankho linali mawa, mawa, kenako anasiya kuyankha. Anatithandiza ndi achimwene ena a ku Nkhata Bay, akalipentala, omwe anakweza ngodyayo ndi jeke wa galimoto n'kuthira konkire pansi pa mabuloko. Tinawathokoza ndi kangachepe ndi nsima ya usipa.

Siling'i, zotchingira kuzizira, utoto, mabagala a m'mazenera ndi mawaya a magetsi zinatidyera pafupifupi R9,000 ina. Chiikireni siling'i madontho anatha, ndipo m'nyumba mumafunda. Ndiye mukaona mtengo pa Facebook, dziwani kuti akukuuzani za chigoba chokha. Mphepo ya chilimwe ija yochokera kunyanja imalowetsabe mchenga pansi pa chitseko, timangotsekapo ndi thaulo lakale.

Za kuchepa sindidandaula kwambiri, tinagula tikudziwa. Masutikesi ali pansi pa bedi, mapoto pamisomali, mwana amalembera homuweki pa chidebe chovundikira. Ukakazinga nsomba zovala zonse zimanunkhira nsomba mpaka Lamlungu. Mlendo akabwera, mmodzi wa ife amaima pakhomo. Komabe kukhala ndi chipinda chogona chomwe chili ndi khoma, osati nsalu, ndi ulemu womwe tinausowa zaka zisanu.

Chomwe ndikufuna mumvetse, abale anga, n'chakuti kanyumbaka n'kotchipa chifukwa kalibe malo ake. Nyumba ndi yathu, dothi ndi la eni. Tili kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo timalipira R1,300 pamwezi ya malo, mpopi wapanja ndi chimbudzi chomwe timagawana ndi mabanja ena awiri. Magetsi timagula kwa iwo omwewo. Poyamba inali R1,000, koma titangopaka utoto ndi kubzala maluwa m'zitini, alandilodi anati zinthu zakwera. Tilibe pepala lililonse lomwe tinasainirana, ndipo limenelo ndi phunzo lathu. Chilolezo cha kukhonsolo, chomwe malamulo a mzinda amafuna pa timanyumba totere, wopempha ndi mwini malo, ndipo athuwa nkhaniyo amangoizemba. Ogulitsa amanena kuti ukafuna kusamuka umangophwasula n'kunyamula. Zoona, koma ndinaonerera anzathu ena akuphwasula yawo: mabodi anayi anasweka pamisomali, n'kuwonjezera ndalama ya galimoto ndi ya omanganso.

Ngakhale zili choncho, tikulipira pafupifupi theka la lendi yakale, ndipo yotsalayo ikupita ku maziko a nyumba yeniyeni ku Ntcheu, komwe simenti nayonso inakwera mtengo kwacha itagwa mu Novembala 2023. Mabodiwo ndiwapatsa 4 pa 5. Otigulitsawo 2, chifukwa cha siling'i ndi foni yosayankhidwa ija. Amene mukufuna kugula, uzani omangawo athire konkire pansi asanaimike khoma, siling'i ilowe pa mtengo woyamba, ndipo alandilodi asaine za malo musanapereke dipoziti. Ofuna kudzaona ndi maso bwerani Loweruka masana, koma awiriawiri, mipando ilipo iwiri yokha.