Kamita koyezera magetsi pasoketi: zomwe kandionetsa kuyambira m'chisanu mpaka mvula

Kamita aka ndinakagula m'nyengo ya chisanu, pano mvula yayamba kale, ndiye ndikhoza kukamba za iko mtima uli m'malo. Kwa amene sanakaonepo, ndi kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi mano atatu kumbuyo, ofanana ndi a pulagi zathu za kuno. Mumakalowetsa m'soketi ya pakhoma, kenako chinthu chomwe mukufuna kuyeza mumachilumikiza pa iko. Kagalasi kake kamaonetsa mawati omwe chinthucho chikukoka nthawi yomweyo, komanso ma kWh omwe adutsa chiyambire kuyeza. KWh imodzi ndiyo yuniti imodzi, yomwe ija timagula ku ESCOM.

Chinandigulitsa kamitaka ndi mkangano wa machaja. Kwathu mayunitsi akatha msanga, mlandu unkagwera ana chifukwa chosiya machaja a foni pakhoma. Chaja yopanda foni nditaiyeza, kagalasi kanangoti 0.0, nthawi zina n'kuphethira 0.1. Ngakhale mutaisiya chaka chathunthu siingathe yuniti imodzi. Ana anapambana mlandu tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero amandikumbutsa.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Chinthu chokoka wati imodzi usana ndi usiku chimatha mayunitsi 0.72 pa masiku 30, pachaka 8.76. Choncho pa chinthu chokoka mofanana usana ndi usiku, mawati omwe mwaona pakagalasi muwachulukitse ndi 0.72, mwapeza mayunitsi a pamwezi.

Akuba enieni anali pabalaza, pansi pa TV. Dikoda ikamaonetsa mpira inkakoka mawati 13. Nditaithimitsa ndi rimoti, kanyali kofiira kokha n'kumayaka, inatsika kufika pa 11 basi. Ndinayesa kamita kasokonezeka, koma ndi mmene madikoda ambiri a dishi alili: rimoti imangothimitsa chithunzi, m'katimo makina amakhalabe maso, kupereka mphamvu ku kachipangizo ka padishi ndi kulandira ndandanda wa mapulogalamu. Mawati 11 pamwezi ndi mayunitsi pafupifupi 8. Pambali pake panali wailesi yakale ya masipika akuluakulu yomwe tinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Imeneyo timaiyatsa Loweruka pochapa basi, koma inkamwa mawati 9 sabata yonse ili duu. Mukaika dzanja pamwamba pake m'mawa munkamva kuti ndi yofunda, ndipo kufunda kumeneko ndiko kunali ndalama zathu. Rauta ya intaneti inali pa 7, maikulowevu pa 3 chifukwa cha kawotchi kake kobiriwira komwe palibe amakayang'ana.

TV yeniyeniyo, yomwe ndinkaikayikira kwambiri chifukwa cha kukula kwake, inangoonetsa 0.4. Izi zili ndi chifukwa chake. Bungwe la International Energy Agency linayambitsa m'chaka cha 1999 kampeni yoti zipangizo zothimitsidwa ndi rimoti zisamapitirire wati imodzi, ndipo maiko a European Union anaika lamulo: wati imodzi kuyambira 2010, theka la wati kuyambira 2013. Opanga ma TV ambiri anatsata muyezo umenewu. Vuto lathu kuno n'loti nyumba zambiri zadzaza ndi katundu wakale wochokera kunja, wopangidwa malamulowa asanabwere. Wotchipa pogula, inde, koma amalipitsa mwakachetechete mwezi ndi mwezi.

Zonse pamodzi zinakwana mawati 30, kutanthauza mayunitsi pafupifupi 22 pamwezi opita popanda woonera kapena womvera. Ndinagula ekisitenshoni yokhala ndi swichi pa bowo lililonse, n'kuikapo dikoda ndi wailesi ija. Tikathimitsa ziwirizi maola 18 patsiku timapulumutsa mayunitsi pafupifupi 11, kuzula maikulowevu pakhoma n'kuwonjezera awiri. Rauta ndinaisiya, chifukwa mwana wathu wamkulu amawerenga usiku ndipo sindinafune nkhondo ina.

Chizolowezichi sichinakhazikike mwamtendere. Dikoda ikachotsedwa mphamvu imatenga mphindi zingapo kuti idzuke, ndipo agogo akabwera kudzacheza safuna kudikira nkhani zitayamba kale. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi bambo, TV yanuyi ikudwala?" Amene amajambula mapulogalamu usiku adziwenso kuti dikoda yothimitsidwa pakhoma sijambula kanthu. Chomwe chinathandiza n'kuichotsa ekisitenshoni kuseri kwa kabati n'kuikhomera pambali, pomwe munthu akamapita kukagona dzanja limafika osawerama. Ili kuseri kuja tinkaiwala masiku ambiri. Phindu lina lomwe sindinaliwerengere n'lakuti magetsi akathima usiku n'kubwerera mwamphamvu, amapeza zinthuzi zili zothimitsa kale. Ekisitenshoni yoyamba inali yotchipa ndipo swichi imodzi inayamba kuthetheka pasanathe miyezi iwiri. Pamenepa musaumire, pakuti swichi yokanikizidwa kawiri tsiku lililonse iyenera kukhala yolimba.

Komabe ndisakunamizeni kuti mayunitsi 13 asintha moyo wanu. Giza ya mawati 3,000 imatha mayunitsi atatu pa ola limodzi lotenthetsa madzi, ndiye zonse zomwe ndimapulumutsa pabalaza mwezi wathunthu giza imazimeza m'maola osakwana asanu. Mbale imodzi ya hotipuleti ya mawati 1,000 imadya yuniti pa ola ikakhala pamoto waukulu, ndipo nyemba zosanyikidwa mukudziwa nthawi yomwe zimatenga. Ngati muli ndi giza ndipo imayaka tsiku lonse, yambirani kumeneko musanavutitse aliyense za dikoda. Ngati mulibe giza, mumaphikira pambaula, magetsi anu ndi a mababu, TV ndi filiji basi, ndiye mayunitsi 13 ndi gawo looneka ndithu la zomwe mumagula pamwezi. Kwa inu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa a nyumba zikuluzikulu.

Pomwe kamitaka kanabweza ndalama yake ndi pa filiji. Filiji siyezedwa ndi mawati a nthawi imodzi chifukwa injini yake imayaka n'kumapuma, ndiye muyenera kukasiya maola 24 n'kuwerenga ma kWh. Mu Juni yathu inkatha yuniti imodzi ndi pang'ono patsiku. Kutentha kwa Okutobala kutafika inadutsa mayunitsi awiri, injini osapuma. Ndinapanikiza pepala pachitseko n'kulikoka, ndipo cha m'munsi linatuluka lokha osalimbana, kusonyeza kuti labala latha. Titasintha labalayo, kupukuta fumbi pazitsulo zakumbuyo ndi kuisuntha kuti italikirane ndi khoma, inatsika kufika cha pa 1.5 kukutenthabe chomwecho. Apa pokha papulumuka mayunitsi oposa a pabalaza paja.

Zofooka zake zilipo. Pansi pa wati imodzi manambala ake amangovinavina, choncho za chaja ndi TV zija muzitenge ngati "zochepa kwambiri", osati muyezo weniweni. Kanga kalibe batire, ndiye magetsi akathima zonse zomwe kanawerenga zimafufutika, muyambirenso. Kuyeza filiji kunanditengera masiku angapo pachifukwa chimenechi. Pogula funsani kokhala ndi batire m'kati. Kalembedwa kuti kamapirira ma amp 13, koma nditayeza ketulo kanafunda ndithu, moti sindingakasiye pa chinthu chotenthetsa kwa maola ambiri. Giza ndi kuka zolumikizidwa m'khoma sikangaziyeze n'komwe.

Pa zimenezo mita ya nyumba ndiyo imathandiza, ndipo njirayi ndi yaulere. Lembani mayunitsi otsala pogona, lembaninso podzuka, mudziwa zomwe nyumba imadya anthu ali m'tulo. Mamita ambiri alinso ndi kanyali kophethira, pambali pake palembedwa nambala monga 1000 imp/kWh. Pa mita yotero kuphethira kumodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a yuniti. Werengani masekondi pakati pa kuphethira kuwiri, mugawe 3,600 ndi masekondiwo: kakaphethira pa masekondi 60 aliwonse, nyumba ikukoka mawati 60.

Kodi ndingakagulenso? Ndekha ayi. Ntchito yake yaikulu imatha m'masabata awiri oyamba, kenako kamangokhala m'dirowa kudikira nyengo isinthe kapena mugule chinthu chatsopano. N'koyenera kusonkherana mabanja atatu kapena anayi. Kanga panopa kali kwa mlamu wanga, amene amakhala pa lendi pomwe nyumba zitatu zimagawana mita imodzi ndipo mwezi uliwonse pamabuka mawu oti uje ali ndi filiji, uje amasita tsiku lililonse. Akuyeza nyumba ndi nyumba, ndipo alandilodi avomera kuti zopereka za mwezi wamawa zitsatire manambalawo.