Tenor Madness: chimbale chomwe Sonny Rollins ndi John Coltrane anakumanirana

Pa zimbale zonse za jazz zomwe ndakhala ndikusonkhanitsa, palibe chomwe ndimachibwerera kawirikawiri ngati Tenor Madness, chomwe kampani ya Prestige inatulutsa mu 1956 m'dzina la Sonny Rollins, woimba sakisofoni ya tenor (mtundu wa lipenga la liwu lokulirapo). Ndili nacho pa mbale yakuda ija ya pagalamafoni, yosindikizidwanso patapita zaka zambiri, ndipo ndi yomweyo ndikuiunika pano. Jazz yomwe ndikunena ndi ya ku America, yoimbidwa ndi malipenga, piyano, besi ndi ng'oma, osati ya banjo yomwe tinkaimva kwa malemu Alan Namoko ndi gulu lawo la Chimvu Jazz Band.

Chimbalechi chinajambulidwa pa 24 Meyi 1956 ku Hackensack, ku New Jersey, pabalaza la nyumba ya makolo a Rudy Van Gelder, katswiri wojambula nyimbo amene panthawiyo ankagwiranso ntchito yoyeza anthu maso. Rollins, yemwe anali ndi zaka 25, anaimba ndi anthu atatu a m'gulu la woimba lipenga Miles Davis: Red Garland pa piyano, Paul Chambers pa besi, ndi Philly Joe Jones pa ng'oma. John Coltrane, wazaka 29, woimbanso sakisofoni ya tenor, nayenso anali wa gulu lomwelo la Davis, ndipo analowa nawo m'nyimbo imodzi yokha, yomwe dzina lake ndi lomwe linapatsidwa chimbale chonse. Nyimbo imeneyi, yamphindi pafupifupi 12, ndi yokhayo yodziwika yomwe akatswiri awiriwa anajambulira pamodzi, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amachifuna chimbalechi.

Dzina lake, lomwe limatanthauza "misala ya tenor", limapangitsa munthu kuyembekezera mpikisano woopsa, wa atambala awiri m'khola limodzi, koma singano ikangotera pambale, chomwe chimamveka ndi macheza a anthu awiri olemekezana. Nyimboyo ndi blues wamba, kamutu kafupi komwe onse awiri amaimbira limodzi poyamba, kenaka aliyense n'kutenga njira yake. Woyamba kuimba payekha ndi Coltrane, ndipo ndikulangiza womvera watsopano kuti asunge mfundo imeneyi, chifukwa ndi khomo lomvetsera zonse zotsatira. Liwu la sakisofoni yake ndi louma, lakuthwa, losanjenjemera kwenikweni, ndipo amakonda kuthamangira m'mwamba ndi mizere yaitali yodzaza ndi manotsi, ngati munthu amene ali ndi zambiri zonena koma akuopa kuti nthawi imuthera. Pena amafika pomwe amafuna, pena amapunthwa n'kuyambiranso. Ine kupunthwa kumeneko sindikuona ngati chilema, chifukwa m'menemo ndi momwe mukumveka munthu amene akufunafuna chinthu chomwe sanachigwire, ndipo tonse tikudziwa kuti anadzachigwira.

Rollins akalowa, mpweya wonse wa nyimbo umasintha. Liwu lake ndi lalikulu, lonenepa, losasa pang'ono, ndipo mizu yake ikuchokera kwa Coleman Hawkins, amene mu 1939 anaonetsa dziko zomwe sakisofoni ya tenor ingathe pojambula Body and Soul. Koma chomwe chimandigwira mtima kwa Rollins si kukula kwa liwu ayi, ndi kudekha kwake. Amatola kachidutswa kakang'ono ka nyimbo, n'kukatembenuza uku ndi uku, kukafupikitsa, kukatalikitsa, kukasiya kaye n'kudzakabwereranso pomwe womvera waiwala. Amasewera ndi nthawi mwadala: amatsalira kumbuyo kwa ng'oma mpaka munthu kuganiza kuti watayika, kenaka n'kutera pamalo ake enieni mosavutikira. Saopa kukhala chete, ndipo mipata yomwe amasiya imalankhula mofanana ndi manotsi ake. Pamene Coltrane akudzaza chipinda ndi katundu, Rollins akusankha mpando umodzi n'kuuika pamalo oyenera.

Chakumapeto awiriwa amayamba kupolokezana, wina kuimba kachigawo kafupi, mnzake n'kuyankha, ndipo apa ndi pomwe mbale yanga yayamba kukalipa chifukwa chobwezabweza singano. Rollins amamva zomwe Coltrane wangoimba kumene, n'kuzitola, n'kuzibweza zitavala malaya ena. Coltrane naye amayankha mwa kuonjezera moto. Palibe amene akufuna kugwetsa mnzake, komabe ndikaweruza mosakondera, tsiku limenelo wokhwima kale anali Rollins. Umboni wake uli poyera, chifukwa pasanathe mwezi, pa 22 Juni, anabwerera m'chipinda chomwecho ndi Max Roach, Tommy Flanagan ndi Doug Watkins n'kujambula Saxophone Colossus, chimbale chomwe muli St. Thomas, nyimbo ya calypso yokumbutsa kuzilumba za Virgin Islands komwe kunachokera makolo ake. Coltrane anayenera kudutsa kaye m'chaka cha 1957, pomwe anachotsedwa m'gulu la Davis, nasiya mankhwala ozunguza bongo, nakaimba ndi woimba piyano Thelonious Monk kumalo achisangalalo a Five Spot mu New York, ndipo chimbale chake cha Giant Steps anadzachijambula mu 1959. Amene akumudziwa Coltrane kudzera mu A Love Supreme, chomwe chinajambulidwa mu Disembala 1964, adzadabwa kumumva pano ali wosakhazikika chotere, koma adzalizindikira liwulo nthawi yomweyo.

Nyimbo zinayi zotsalazo ndi za Rollins yekha ndi oimba atatu aja, ndipo ndimamva chisoni kuti anthu ambiri amazidumpha. My Reverie, yomwe inachokera ku nyimbo ya piyano ya Claude Debussy, amaiimba mwapang'onopang'ono ndi liwu lofunda, popanda kuithira shuga wambiri. Paul's Pal ndi yopepuka, yoyenda mwamyaa, ndipo besi ya Chambers imamveka bwino kwambiri m'menemo. The Most Beautiful Girl in the World imaonetsa khalidwe lina la Rollins lomwe anakhala nalo moyo wake wonse wa zoimbaimba, lotola nyimbo ya m'zisudzo yomwe ena angaiyese yachabe n'kuisandutsa chinthu cholemera. Philly Joe Jones ayenera kutamandidwa payekha, chifukwa ng'oma zake zimakankha oimba onse popanda kuwaphimba.

Zofooka zilipo, ndipo wogula ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama. Chimbalechi ndi chachifupi, mphindi pafupifupi 35 basi, ndipo wofuna Coltrane yekha adzakhumudwa kupeza kuti akumveka m'nyimbo imodzi mwa zisanu. Chinajambulidwa mwa mono, kutanthauza kuti malipenga onse awiri akutulukira malo amodzi, choncho khutu lenilenilo ndi lomwe liyenera kusiyanitsa woimba ndi mnzake, popanda thandizo loti uyu ali kumanzere, uyu kumanja. Piyano ya Garland imamveka ngati yatsekeredwa m'kabokosi, ngakhale kuti malipenga ndi ng'oma zinajambulidwa momveka bwino, moti pa mbale yosamalidwa munthu amamva ngakhale mpweya ukudutsa m'bango la sakisofoni. Zikuonekanso kuti nyimbo ya mutuyo sinakonzekeredwe kwambiri, ndipo pali malo ena pakati pomwe moto umazilala pang'ono awiriwa asanayambe kupolokezana.

Kwa amene akuyamba kumene kusonkhanitsa zimbale za Rollins, ndinganene kuti ayambe ndi Saxophone Colossus, chifukwa ndi chokwanira bwino kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Tenor Madness chibwere chachiwiri, ndipo ngati mukugula mbale yomwe inagwirapo kale ntchito, yang'anitsitsani mizere ya nyimbo yoyambayo pa kuwala, chifukwa eni ake akale amakhala ataiperesa ndi singano kuposa zina zonse.